Pozimitsira Pake

Achimwene, mwana wanga Chisomo wandipempha kuti ndimusankhire pulogalamu yoti anthu azimuonera pa intaneti akamasewera mpira wapakompyuta. Ndawerenga, ndafananiza mapulogalamu angapo, koma palibe imene ikundiuza kuti adzamuonera m'chipinda mwake ndani. Ndikuchita mantha.

Mpamene ndakumbuka inu ku Chipoka, matipate atangoyamba kumene, mukulengeza mpikisano wa bawo pa chimkuzamawu. Munatchula nduna ina mwanthabwala, bwalo lonse linangoti zii. Munachizimitsa msanga, n'kundinong'oneza kuti, "Iwe, usanayatse chinthu uziyamba waona pozimitsira pake." Chisomo ndamusankhira pulogalamu yomwe batani lake lozimitsira likuonekera patali. Koma Chisomo sanaonepo bwalo litati zii, ndipo chimwalirireni inu, palibe amene angamuuze iye n'kumva.