Tereza Mwendo Uli M'mwamba

Mlongo wanga wa ku Moatize ataika pa intaneti vidiyo ya mwana wake Tereza akuyamba kuyenda, ndinawapatsa amayi telefoni. Mwana ankaponda kamodzi, n'kuuma mwendo uli m'mwamba.

"Ndi rede, netiweki ya kuno ku Zobue, amayi, ikulimbana ndi ya ku Malawi," ndinatero. Ndinapukuta galasi ndi malaya ngati katswiri. Chonsecho telefoniyo inali ikukoka pa intaneti vidiyo yanga ya mpira kuseri, ndipo sindinafune kuidula.

Tereza akauma, amayi ankatchera dzanja pansi pa telefoni kuti asagwe.

"Musiye apume," anatero. "Nawenso unkayenda chonchi, ine n'kumakudikira."

Mpirawo unatha kukokedwa. Mpaka lero sindinauonere.