Thanthwe la Pansi pa Chitsime Changa

Ine zitsime ndakumba. Kuyambira ku Guilleme mpaka m'maesiteti a fodya cha kumalire uko, mukamwa madzi ozizira a pansi, funsani kuti anakumba ndani. Sukulu ndinalekera panjira, koma dothi ndimaliwerenga: katondo pamwamba, kenako lubwe, kenako mwala wofumbutuka ngati chigumu chouma, ndiye madzi. Ndinalinso ndi lamulo langa limene ndinkalinena mokweza pamowa ndi pamaliro pomwe, lakuti mmisiri sasiya dzenje louma.

Izi zinachitika matipate atangoyamba, andale akulonjeza mijigo paliponse. Akazi anga mawondo anali atayamba kutupa, ndipo kudambo kokatunga madzi kunali kutali. Ndinkawaona akubwera ndi ndowa pamutu, akuimaima panjira atagwira bondo. Tsiku lina ndinawauza pamaso pa abale awo, pakuti pamudzipo ndine mkamwini: "Mvula isanagwe, mudzatunga pakhomo pompano."

Ndinayamba kukumba kuseri kwa nkhokwe. Mlongo wa akazi anga, mlamu wanga wa pakamwa posatseka, ndiye ankakoka ndowa ya dothi pamwamba. Katondo anatha, lubwe anatha. Nditatsika mikono khumi, piki inalira ngwe n'kudumpha m'manja. Thanthwe.

Sindinaope. Ife amisiri thanthwe timaliwotcha. Umaponya zitsononkho ndi nkhuni pansi, moto n'kulilima mpaka mwala utafiira, ndiye umathira madzi ozizira, mwala n'kusweka wokha. Ndinatero masiku anayi. Chimene chinkachoka ndi timakoko chabe.

"Alamu, kodi mwalawo sunapsebe?" anatero mlamu wanga akusuzumira. "Ukapsa mutiitane, ndiwo tibweretsa ife."

Akazi anga anangoti, "Abambo, sunthani. Kumbani pena."

"Ine sindisuntha," ndinatero. Ndipo mudzi wonse unamva.

Sabata yomweyo anthu a mijigo anafika pamudzi wa tsidya, kutali kuposa kudambo. Pakati pawo panali mayi wina wamng'ono, wophunzira za miyala, amene ankawalozera pobowola. Atamva kuti kuli nkhalamba yophika thanthwe, anabwera kudzaona. Ndinamupatsa kachidutswa. Anakanyowetsa ndi madzi, n'kukatembenuza padzuwa. Pamenepo ndinaona zimene sindinazione masiku onse aja: mizere yoyera ndi yakuda, yopindikapindika ngati chitenje chofinyidwa.

"Madala, mukuganiza kuti anaupinda chonchi ndani?"

"Mwala supindika, mwana wanga."

"Uwu unapindika. Unali pansi penipeni, mapiri aakulu ataukhalira, kukutentha mpaka unafewa ngati phala lolimba. Mapiriwo mvula inawadya pang'onopang'ono mpaka anatha, ndiye mwaupeza inu. Moto wa zitsononkho kwa mwala uwu n'kuwotha chabe."

Ndinafunsa kuti zimenezo zinachitika liti, nthawi ya Angoni kapena isanafike. Sanaseke. Anamasula chingwe changa cha ndowa, n'kuchiyala pabwalo kuchokera pankhokwe mpaka pakhola la mbuzi. Anati chingwe chonsecho tichiyese moyo wa dziko lapansi. Anaima kunkhokwe.

"Kuno dziko linali moto wokhawokha. Popondapo panalibe. Litazizira, mvula inagwa yosakata, nyanja n'kudzaza."

Anayenda pang'ono. Anati apa m'madzi munayamba tizamoyo tosaoneka ndi maso, kenako tonga ndere. Ndiye anayenda, anayenda, ife tikumutsatira ngati nkhuku, iye akungoti, "Ndere basi. Pamtunda palibe udzu, palibe mtengo, palibe cholira." Atapitirira pakati ndithu anaponda chingwe. "Mwala wanu wabadwa cha apa."

Ndinayang'ana kumbuyo, ndinayang'ana kutsogolo. Ndinayesa kuganiza Mchinji yense wopanda tsekera ngakhale mmodzi, wopanda njiwa, wopanda nyerere, mphepo yokha ikuwomba pamwala.

Nsomba zinadza kutatsala mikono iwiri kuti chingwe chithe. Mitengo pambuyo pake. Zinyama zikuluzikulu zija mafupa ake anafukula ku Karonga, zotalika kuposa nyumba, zinabwera n'kutheratu kutatsala chikhatho chimodzi.

"Nanga anthu?" anafunsa mlamu wanga, ndipo ulendo uno sanali kuseka.

Mayi uja anatola nsonga ya chingwe, pamene panali potayanika, n'kutsina kaulusi kamodzi. "Ife tonse, ndi makolo athu onse, tili pakansonga ka aka."

Ine ndine Mkatolika wobatizidwa, ndiye ndinafunsa za masiku asanu ndi limodzi aja a m'Baibulo. Anati, "Zimenezo mukafunse bambo mfumu kuparishi. Ine ndimangowerenga miyala, monga inu." Mawu akuti monga inuwo ndinawamva bwino, ndipo ndinaonetsetsa kuti mlamu wanga wawamvanso.

Ndinamanganso chingwe, ndinatsika m'dzenje ndekha. Pansi panali phulusa, mwala ukadali wofunda. Ndinavula chipewa, n'kukhala pansi, chikhatho ndili nacho pamizere ija. Kumwamba kunkaoneka kang'ono ngati mbale. Ndinali nditamenya ndi piki, ndi kutukwana, chinthu chimene chinaona nsomba yoyamba chili kale nkhalamba. Ndipo masiku amene ndinkalimbana nachowo, akazi anga anali akutsimphinabe panjira ya kudambo, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana cha ku Zambia.

Nditatuluka ndinapeza anthu atachuluka. Ndinanena mokweza, kuti wina asadzati sanamve: "Ndagonja. Dzenje ili ndalisiya."

"Mmisiri wathawa dzenje," anatero mlamu wanga.

"Alamu," ndinayankha, "kwanu kuno mwana amalimbana ndi wamkulu? Likadakhala dothi wamba, akadakhala manyazi. Awa ndi akuluakulu. Wamkulu akakhala panjira, umamulambalala, manja uli kumbuyo."

Amayi ena achikulire anaomba m'manja pang'ono, monga timachitira podutsa pamene pakhala akulu. Kaya ankandiseka, kaya ayi, sindinafunse.

Mayi wa miyala uja anandiuza kuti thanthwe ngakhale lakale chotere lili ndi ming'alu, ndipo madzi amayenda m'menemo n'kumaliwoletsa. Tinayenda naye kumunsi kwa khola, pamene pali mkuyu wosayoyola masamba ndi ziulu zitatu zondandana. Anati, "Yesani pamzere uwu." Malowo ndinkawadziwa kale, koma sindikana, analoza ndi iye.

Ndinakumba masabata awiri. Mwala unalipo, wa mizere yomwe ija, koma wofewa, piki ikulowa. Madzi anayamba kuchucha m'mbali, otuwa, tinthu tonyezimira tikuvina m'menemo. Ndowa yoyamba ndinanyamula ndekha. Akazi anga anaisiya kuti madziwo adikhe, kenako anatunga ndi chikho, anamwa, anamwanso.

"Akoma," anatero. "Koma lakuseri lija mukwirire, Abambo. Mbuzi zingagweremo."

Ndinakwirira tsiku lomwelo, ndipo fosholo yoyamba ndinaitsitsa ndi ndowa, kuti dothi lisagwe mwachipongwe.