Chithumwa m'thumba la yunifolomu

Chaka chachiwiri cha maphunziro anga ojambula odwala ndi ekisireyi anatitumiza kuchipatala kukaphunzira ndi manja. Ndinkanyamuka ku Matero m'mawa, kulimbirana mpando m'minibasi, n'kukafikira m'chipinda chopanda zenera, chozizira ngakhale mu Okutobala. Makina ake anali akale, a filimu. Ukajambula munthu unkalowa m'kachipinda kamdima ka nyale yofiira, n'kudikira kuti nthiti zake zitulukire pang'onopang'ono m'mankhwala onunkha ngati viniga. Sindinazolowere msanga. Munthu ali panja akutsokomola, iwe uli m'kati wagwira mafupa ake.

Wotiphunzitsa anali bambo wowonda, wosaseka, amene anakalambira m'chipinda chomwecho. Malamulo ake anali awiri. Wodwala avule chilichonse chimene chili pamalo pojambulidwa, kaya mikanda, mapini kapena korona. Ndipo chimene waona pafilimu si chako chonena, n'cha dokotala. Ukabwereza kujambula munthu chifukwa cha kusasamala, ankakuyang'ana mpaka udzione ngati chigawenga, poti kuwala kwa makinawo si kosewera nako. Ine, ndi mtima wanga wapachalawu, ndinkaopa diso limenelo kuposa mayeso.

Lolemba lina m'nyengo ya mvula kunabwera mayi achikulire achisilamu a ku Chawama, atafunda mpango woyera, mwana wawo wamkazi atawagwira mkono. Pepala lawo linati ajambulidwe pachifuwa. Ndinawafunsa ngati avala kanthu m'khosi, anati ayi. Ndinawaimika moyang'ana bolodi, ndinawauza kuti akoke mpweya n'kuugwira, ndinadina batani.

Mumdima muja, filimu itayamba kuoneka, chakumtunda kwa phapo lamanja kunatulukira singano. Inali yoyera, yowongoka, ndi kabowo kake komwe. Pambali pake panali kadzino ka mwana. Poyamba ndinaganiza kuti zinthuzo zili m'kati mwa munthu. Mphunzitsi anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti chimenecho n'chithumwa, ndipite ndikachite zimene ndinayenera kuchita poyamba.

Ndinatuluka nditapsa mtima. Koma mayiwo sananame ayi. M'khosi munalibedi kanthu. Chingwe chinadutsa paphewa n'kuzungulira m'khwapa, kuti chithumwacho chizikhala pamalo amodzi osasuntha.

"Mwana wanga, ichi sichichoka," anatero motsitsa mawu. "Pali chinthu chinagona pansi pake. Ukachichosa, chizauka."

Ndinawayankha mwachipongwe chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinati panja pali mzere wa anthu, makina sadziwa za zithumwa, ndipo mphindi imodzi sinaphepo munthu. Kenako anamasula okha. Anandiikira m'dzanja kachikopa kakuda kosokedwa mbali zonse, kali kofunda ndi thupi lawo. Ndinakaponya m'thumba la yunifolomu.

Pafilimu yachiwiri singano panalibe. Pamalo pake penipeni panali chotupa choyera, kukula ngati dzira, chitatambasula timizu. Ndinabwerera ku filimu yoyamba kuti ndione ngati chinalipo. Mwina chinalipo koma maso anga anathamangira singano, sindikudziwa. Mphunzitsi anausa moyo, n'kulemba pa envulopu kuti dokotala aone tsiku lomwelo.

Nthawi yomweyo anabweretsa anthu ovulala pangozi ya pamsewu. Tinathamanga nawo mpaka madzulo, ndipo mayi aja anachoka ndi envulopu yawo ine osawaona. Yunifolomu inadetsedwa ndi magazi, ndiye nditafika kunyumba ndinaikulunga m'pepala lapulasitiki, mawa lake n'kuvala ina.

Ndinachipeza Loweruka m'mawa pochapa. Dzanja litangolowa m'thumba, mawu aja anabwerera onse. Amayi anga, munthu wa kumpingo amene amati saopa zithumwa, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri.

"Vinthu va bene sivigona m'nyumba mwanga," anatero. "Peleka lelo."

Chimene ndinkakumbukira papepala lija chinali chakuti amakhala pafupi ndi mzikiti. Ku Chawama kunali matope okhaokha, ndinkadumpha pamiyala imene anthu anayala m'njira, dzanja lili pachikwama. Ndinafunsa matelala a tizisoti toyera amene ankasoka pakhonde la sitolo. Wamkulu wawo atamva za mayi odwala chifuwa, anaimitsa makina ake n'kundilozera ndi chibwano kanyumba ka chitseko chobiriwira. Pakhomo panali nsapato zingapo, m'kati muli zii. Ndinaganiza kuti ndachedwa.

Anali moyo. Anagona pamatiresi pansi, amayi awiri atakhala chakumiyendo. Masiku asanu okha anali atawadya moti ndinawazindikira ndi mpango. Dzanja lawo lamanzere linali pachifuwa, pamalo paja. Mwana wawo anandinong'oneza kuti chichokereni kuchipatala dzanjalo silinachoke pamenepo, pakudya ngakhale potulo. Dokotala anali atawapatsa tsiku loti akaonedwe kuchipatala chachikulu. Iye anafuna kubwerera kudzafunsa za chithumwacho, koma mayi ake anamuletsa, amati wotenga ndiye amabweza.

Ndinagwada, ndinapepesa, ndinachipereka ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangochiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira kiyi wa nyumba imene anasamukamo.

"Wabwela, mwana wanga. Zikomo," anatero. "Koma chinauka pa Chibili. Nchito yake yasila."

Chibili ndiye Lachiwiri, mawa lake la tsiku limene ndinachitenga. Ndinawachonderera kuti avalebe. Ine yemwe uja wonena kuti makina sadziwa za zithumwa, ndinali pansi kupempha munthu kuti amange singano pachifuwa. Anapukusa mutu. Kenako anachotsa dzanja lija pachifuwa, amayi awiri aja n'kuyang'anana. Anagwira dzanja langa, n'kupinda zala zanga chimodzichimodzi mpaka chithumwa chinabisika m'kati.

"Sunga iwe. Ndiwe unachiona."

Sindinawauzepo chimene ndinaona pafilimu, ndipo iwo sanandifunse. Ndinabwerera ku Matero chili m'dzanja. Ndisanalowe ndinachibisa m'chitini chakale cha tiyi kuseri kwa nyumba, amayi ndinawanamiza kuti ndabweza.

Mayi a ku Chawama aja anamwalira mvula isanathe. Mwana wawo anabwera yekha kuntchito kudzandiuza, mwaulemu, ngati ndine wachibale.

Mabuku amanena kuti chotupa chotero chimakula kwa nthawi yaitali, ndipo munthu amamanga chithumwa pamene pakumupweteka kale. Zimenezi ndinazilemba pamayeso, ndinakhoza bwino, ndipo ndimazikhulupirira. Masiku ano makina ndi a kompyuta, kachipinda kamdima kaja anakasandutsa mosungira mabokosi, ndipo ndine ndimaphunzitsa ena. Ophunzira amandiseka kuti wodwala akavula mkanda kapena korona sindilola kuti ziikidwe patebulo. Ndimamuikira mwini wake m'dzanja n'kumupinda zala. Akandifunsa ndimangoti kuti zisasowe.

Chitini chija ndasamuka nacho nyumba zitatu. Sindinasolole ulusi wa chithumwacho, poti za m'kati ndikuzidziwa. Koma mvula ikayamba ndimapezeka ndikuwerenga ndi zala kuchokera Lolemba kufika Loweruka, ndipo chala chimaima pa Lachiwiri, tsiku limene ndinali m'minibasi nditavala yunifolomu yoyera bwino, ndikukangana ndi kondakitala za mpando.