Chaka Chimene Ndinapempherera Sinowo

Ine ndi sinowo sitinagwirizanepo chifikire changa ku Glasgow. Chaka choyamba inandigwetsa pa siteji ya basi ku Maryhill, dera limene ndimakhala, chikwama uko, ine uko, ana asukulu akuseka chikhakhali. Kuyambira pamenepo ndinkaiona ngati mdani. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye sinowo ikagwa ndimayenda ngati bilimankhwe kuchoka khomo ili kupita khomo ilo, mawondo akulira. Kutchalitchi kwathu, komwe Amalawife timakumana, sindinali ndekha pa chidani chimenechi. Nyengo yozizira ikabwera mofatsa, amayi ankaimirira kuchitira umboni kuti Ambuye atikumbukira, ndipo ameni wanga ankamveka kuposa wa wina aliyense.

Koma mwana wanga mmodzi yekhayo, wamkazi, wobadwira konkuno, ndi amene anakonda sinowo ngati kuti anaiyamwira kubere. Zinayamba ali kusekondale. Kampani ina ya masewera otsetsereka pa sinowo, kumapiri a kumpoto, inkatenga ana a m'madera athu ano n'kuwapititsa kuphiri kwaulere, kuwabwereka majekete ndi timatabwa tomangirira kumapazi potsetsereka. Ana a anzanga anapita kamodzi n'kubwera akulumbira kuti sadzapondakonso. Wangayu anabwera nkhope ili ngwee, nkhani zosatha. Atamaliza sukulu, kampaniyo inamuphunzitsa ntchito n'kumulemba kuti aziphunzitsa ana kutsetsereka. Kukatentha ankadzala mitengo ndi kukonza njira za m'phirimo. Anamupatsanso chipinda m'nyumba za antchito, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri.

Ndinadandaula, osanama. Ndinkati ana a anzanga akuphunzira unesi, wanga akukasaka chiyani pa madzi oundana? Komabe ndinadzitonthoza kuti phirilo si kutali. Akakwera basi ya m'mawa ankandipeza ndisanaphike nkhomaliro. Kawirikawiri ankangotulukira ndi chikwama cha zovala zakuda, n'kuyamba chipikisheni mufiriji ngati wapolisi. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo m'dziko muno ndilibe m'bale wina.

Tsiku lina m'Disembala tikudya, anangoti mwachisawawa, maso ali m'mbale:

"Mum, sinowo ikavutanso chaka chino, I'm away. Ku Canada akufuna anthu."

"Ku Canada kuli ndani wako?"

"Kuli sinowo."

Anaseka, koma ine mwana wanga ndimamudziwa. Akaseka choncho ndiye kuti nkhani anaimaliza kale mumtima. Anandifotokozera kuti nyengo zapitazo phiri linatsegulidwa masiku ochepa okha, ndipo mabwana anawauza poyera kuti zikapitirira sadzatha kusunga aphunzitsi onse.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kuyang'ana kumwamba ngati mlimi. Khirisimasi inadutsa ndi mvula. Januwale analowa ndi mvula, mvula yofunda yosadziwa kukata. Madzi a mu kanalo, mtsinje wokumba wa kuseri kwa nyumba zathu, amene zaka zakale ankauma gwa mpaka abakha kumayenda pamwamba, anangokhala bii, akuyenda mwakachetechete. Pakhomo pa agogo ena amene ndimawasambitsa panaphuka maluwa achikasu amene nthawi yake ndi Malichi. Agogowo anakondwa, nandiitana kuti ndidzaone. Ine sindinakondwe nawo. Kwathu chinthu chikabwera nyengo yake isanakwane timati malodza, ndipo sitiombera m'manja.

Pa mapemphero a amayi, mayi wina wa ku Govanhill anaimirira kuthokoza kuti chaka chino sanavale jekete ziwiri. Amayi onse ameni. Itafika nthawi yopereka zopempherera, ndinakweza dzanja.

"Amayi, ndithandizeni kupempherera sinowo."

Chipinda chinaphulika ndi kuseka.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino?" anatero wa ku Govanhill uja. "Si inu munkatsogolera kudzudzula sinowo m'dzina la Yesu? Kumudzi timapempherera mvula chifukwa imabala chimanga. Nanga sinowo imabala chiyani?"

"Imandisungira mwana," ndinatero.

Kuseka kunathera pomwepo. Tinagwada. Anapemphera ndithu, sindingawanamizire, ngakhale mayi ujayo pomaliza anaonjezera kuti, "Koma igwe kumapiri kokha, Ambuye, kuno ku Govanhill ayi." Ndinamukwiyira sabata yonse.

M'Febuluwale mwana wanga anandiitana kuti ndikaone phiri lake. Ndinali ndisanapiteko chiyambire, chifukwa cha mwano wanga womwewu. Basi inatuluka mu Glasgow mvula ikugwa, ndipo inakafika kumapiri mvula ikugwabe. Ndinkayembekeza kuona zoyera zimene ankanditumizira pafoni. Ndinapeza phiri lofiirira, lonyowa, mitsinje yamatope ikutsika mbali zonse. Pakati pake panali kamzere kamodzi koyera ngati bandeji pa mwendo. Mwana wanga anati imeneyo ndi sinowo yopanga ndi makina, yoti ana ongoyamba kumene asabwerere osatsetsereka. Pamwamba pathu mipando yokolekedwa pa chingwe, yonyamula anthu kupita pansonga, inkangozungulira yopanda munthu, ikulira kwii kwii ndi mphepo.

Anandiyendetsa ponseponse monyadira. Anandionetsa kanyumba komwe madzi a mumtsinje amapukusa magetsi oyendetsa makina ndi mipando ija. Anandionetsa mulu wa sinowo umene anaufundika malona kuti usasungunuke msanga. Anandionetsa ngalande zakale zimene akuzitseka ndi matabwa kuti madambo a m'phiri azisunga madzi, asamakokolole dothi kupita kumudzi. Basi ya antchito, anati, ndi yomweyo imene imanyamula ana a m'mafamu kupita kusukulu ndi okalamba kupita kuchipatala, chifukwa basi ina kulibe. Nyama ya m'khitchini mwawo amagula kwa alimi a nkhosa a pomwepo. Ine ndinkangogwedeza mutu. Ndinali nditabwera ndi mawu okonzeka oti ndikapeze bwana wodyera ana a eni masuku pamutu ndimukalipire, koma woti ndimukalipire sindinamupeze.

M'sitolo ya m'mudzimo, yomwe ilinso positi ofesi, mayi wogulitsa atamva kuti ndine mayi wake wa mtsikanayu anatuluka kuseri kwa kauntala kudzandigwira dzanja. Anati zidzukulu zake zonse zinaphunzira kutsetsereka m'manja mwa mwana wanga. Kenako anayang'ana pawindo, kuphiri kuja.

"Pamwambapo pakatsekedwa," anatero m'Chingerezi chawo chovuta chija, "mabanja achoka. Mabanja akachoka sukulu itsekedwa. Kenako ine."

Ananena mosadandaula, ngati akundiuza mtengo wa buledi, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Masana tinakwera pang'ono ndi gulu lodzala mitengo, mkati mwa mpanda wotchinga nyama zakutchire. Anandipatsa kambande kotalika ngati chala. Ndinakumba, dothi lake lakuda lozizira mpaka m'mafupa. Chapafupi panali mbalame zonga nkhwali, zoyera mbee, zitakhala pa miyala yakuda. Mwana wanga anati nthenga zake zimayera zokha nyengo ino kuti zibisale mu sinowo, koma tsopano sinowo kulibe, ndiye chiwombankhanga chimaziona chili kutali. Mbalamezo zinangokhala phee, zikuganiza kuti zabisala.

"Nanga kamtengo aka kakula liti?" ndinafunsa.

"Ine ndidzakhala gogo, Mum."

"Ndiye kabweretsa sinowo?"

"No. Kadzangogwira phiri kuti lisagumukire mudzi."

"Ndiye ine ndikudzaliranji? Ine ndikufuna sinowo ya chaka chino."

Anagwada n'kutsendera dothi mozungulira kambande kanga, chifukwa ndinali nditadzala mwaulesi.

M'Malichi, m'mawa wina ndikutsegula katani, ndinaona Maryhill yense ali mbuu. Ndinatuluka ndi masilipasi, mayi wamkulu ngati ine, n'kuima pabwalo manja m'mwamba. Mzungu woyandikana naye nyumba anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinaimbira mwana wanga ndikupuma mwabefu.

"Yagwa! Kuno yagwa!"

"Aye, kunonso, Mum," anatero motopa. "Koma mphepo yatembenuka kale. Masana ikhala mvula."

Ndinapita kuntchito ndikupondaponda sinowo mwaulemu, koyamba m'moyo wanga. Pobwerera kunali matope okhaokha, madzi akulira m'mipaipi ya m'makoma.

Nyengo itatha, kampani inaitana antchito onse. Inasunga amene ali ndi mabanja m'mudzimo, kuti azisamala mitengo, njira za njinga zokwera mapiri ndi basi ija, sukulu isatsekedwe. Achinyamata ophunzitsa kutsetsereka inawathandiza kupeza malo kumaiko akunja kumene sinowo ikadalipo. Mwana wanga, yemwe anali m'gulu limeneli, anati mabwana anachita chilungamo. Inenso ndikanakhala bwana ndikanatero, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanatibera. Ndinayesa njira zonse. Ndinamuuza za ntchito za m'tauni, ndinadwala mutu wabodza, ndinatuma amayi abusa kuti akamulankhule. Anawalandira mwaulemu, anawaphikira tiyi, n'kupitiriza kulongedza.

Ananyamuka ulendo wa ku Canada chilimwe chitatha, masamba akuyoyoka. Ndinamuperekeza pa siteshoni ya mabasi m'tauni, pomwe amakwerera basi ya ku bwalo la ndege. Kunali kofunda moti anthu ena anavala malaya okha. Chikwama chake chachitali cha timatabwa tija chinkakana kulowa pansi pa basi, ndipo ndinkalakalaka chikanakaniratu, koma dalaivala anachitembenuza chinalowa. Mwana wanga anandikumbatira, n'kulankhula m'Chichewa chenicheni, chimene amachisunga pa zinthu zikuluzikulu zokha.

"Amayi, musalire. Ndi zaka ziwiri zokha, ndibwera."

Mawu amenewo ndinkawadziwa, chifukwa ndi anga. Ndinawanena kwa amayi anga pa bwalo la ndege ku Chileka, ndili msinkhu womwewo, chikwama chili m'manja. Amayi anandikonza kolala ya malaya n'kunena kuti, "Uyende bwino, mwananga." Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anandikhulupirira. Pamene ndinabwererako abale anandionetsa mtumbira wawo utamera kale udzu.

Basi inaliza injini. Ndinakonza kolala ya jekete yake, ngakhale inali yokonzeka kale.

"Uyende bwino, mwananga," ndinatero.