Mizere Inayi, Ana Asanu

Ndikukumbukira fungo la mphira pa malaya a bambo tsiku limene anabwera ndi fomu ija. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pakhomo pathu ndine ndinkadzitama ndi Chingerezi. Bambo, kwawo ku Ntcheu, anali kapitawo wa ocheka mitengo ya mphira pa esiteti ina kumpoto kwa Chintheche. Abwana anali atalowetsa akapitawo mu inshuwalansi ya zaumoyo: ankadula kangachepe pamalipiro, wina pabanja akadwala n'kuthamangira naye kuchipatala cholipira.

"Tatenga cholembera, Esinati," anatero bambo. "Utilembe tonse."

Mizere ya ana inali inayi. Ife tinali asanu.

Bambo anakanda m'mutu. "Aa, ndiye usiye amene sadwaladwala."

Sindinavutike kusankha. Achimwene anga a Yotamu sankachidziwa ngakhale chimfine. Ankasambira m'nyanja mpaka mutu wawo kuoneka ngati kadontho, akatuluka n'kumaliza kondowole wa anthu awiri. Eni akewo anaseka. "Undisiye ine, mlongo. Chipatala n'cha inu anapiye."

Koma pansi pa fomuyo panali timalemba ting'onoting'ono, ndipo ndinatiwerenga. Timati mwana wachisanu alembedwe kuseri, adzangodula ndalama yowonjezera pang'ono. Bambo anali atadandaula kale kuti malipiro awo atsala mafupa okhaokha, ndiye ndinaopa kuwakwiyitsa. Ndinenenso chilungamo, anzanga ankandidikira ku fulaye. Ndinapinda pepalalo n'kuthamanga.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola mpunga ku Limphasa, a Yotamu anagwidwa m'mimba. Munthu amene sindinamuonepo akulira ankakwawa pamkeka, thukuta lili kamukamu. Pakachipatala ka pafupi anati matumbo apotana, pakufunika opaleshoni msanga, koma ambulansi inali itapita kutali ndi wodwala wina. Bambo anathamangira ku ofesi ya esiteti atagwira khadi la inshuwalansi, ine ndili pambuyo pawo.

Kalaliki anayendetsa chala pamayina, kamodzi, kawiri. "Pepani a kapitawo, dzina lake palibe. Likanakhalapo, galimoto ikananyamuka naye pompano kupita ku Mzuzu." Kenako anatulutsa fomu yathu ija, n'kuitembenuza. "Nanga bwanji simunamulembe kuseri kuno?"

Kuseriko kunali mbee. Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha.

Tsiku lonselo linathera kufunafuna wogula njinga ya bambo kuti apeze ndalama ya galimoto ya hayala. Ku Mzuzu anafika mawa lake. Madokotala anayesetsa, koma anati tachedwa. A Yotamu anabwerera m'bokosi, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mpaka imfa yawo bambo sanandifunsepo ngati timalemba tija ndinationa. Ndikanakonda akanandikwapula. Kukhala chete kwawoko kumandipwetekabe mpaka lero.

Pano ndikulera ana anayi, mmodzi wa malemu mng'ono wanga, ndipo onse ndinawalembetsa inshuwalansi. Anzanga amandiseka kuti ndikulipirira matenda amene sanabwere. Ndimangowasiya. Sadziwa kuti matenda safunsa amene ali ndi mphamvu pakhomo, ndiponso sadziwa chifukwa chake fomu iliyonse ndimayamba ndaitembenuza kaye kuseri.

Khadi lakale lija ndinalipeza m'Baibulo la bambo. Lili ndi mayina a ana anayi amene ndinasankha ndekha, langa lili pamwamba. Ine sindinaligwiritsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.