Dzina la mchimwene wanga mu seva yakale

Lachiwiri lapitali ndinasaina kalata yotseka dzina la mchimwene wanga, malemu a Saidi, omwe tinawaika m'manda zaka zisanu zapitazo.

Ndimasunga mafayilo a antchito pa malo ena ogona alendo ku Nkopola. Makompyuta athu onse amadalira seva imodzi yakale, yomwe imasunga dzina la wantchito aliyense, pasiwedi yake, ndi mafayilo amene ali wololedwa kutsegula. Makinawa akalamba, choncho eni malo anagula atsopano. Katswiri amene anamutuma kudzawalumikiza ndi mkamwini wanga, a Jafali.

Anandifotokozera atayima chapatali, monga mwa ulemu wake, kuti seva yatsopano siyamba yokha. Imayamba yakopera mayina onse kwa yakale, ziwirizo n'kuyendera limodzi kufikira yakaleyo itapumitsidwa. Pokonza mndandanda wa mayinawo, anaima pa dzina limodzi.

"Amayi, mundikhululukire," anatero, maso ali pansi. "A Saidi alembedwa apawa, si amalume awo a mayi a kunyumba?"

"Ndi omwewo."

"Makina akuti alowa m'mawa uno, pa makompyuta anayi."

Manyazi anandigwira. A Saidi ndiwo anali akalaliki aakulu, ndipo dzina lawo lokha ndi limene linapatsidwa mphamvu yotsegula mafayilo a alendo ndi a antchito. Titabwera ku maliro, wina anapeza pasiwedi yawo pa kapepala m'dirowa. Kuyambira pamenepo tonse takhala tikulowera pa dzina lawo. Inenso, mlongo wawo, m'mawa uliwonse ndinkalemba dzina limene kwathu timalitchula pa sadaka pokha.

A Jafali anaimbira mwini malo, amene amakhala ku Blantyre, kuwapempha kuti atchule munthu wamoyo woti alandire mphamvuzo. Yankho ndinalimva ndekha: "Zisiyeni momwe zilili. A Saidi sanandikhumudwitsepo."

Zoona, sanawakhumudwitsepo. Wakufa sapempha tchuthi, ndipo satsutsa.

Awerengi anga, kodi ndi kwathu kokha? Dzifunseni za kumene mumagwira ntchito. Ndi makiyi angati ali m'dzina la munthu amene anachoka kalekale? Timagula makina atsopano mokondwa, koma kukhulupirira munthu amene watumikira zaka makumi awiri kumatilemera. Chikalakwika chinthu, palibe amene angafunsidwe, poti onse analowa ngati munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali kumanda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife tasankha kudalira amene anapita ndi mphepo.

Kuti dzinalo lipitirire, panafunika kuti ine ndisaine kuti a Saidi akadali wantchito. Mkamwini wanga sakanandiuza chochita, mwambo sumulola. Anangoika mapepala awiri patebulo, lina lopitiriza dzinalo, lina lolitseka, n'kutuluka panja. Ndinasaina lotseka.

Lachitatu m'mawa ndinalemba dzina langa pa kompyuta, koyamba m'zaka zisanu. Seva yatsopano inandilandira, koma mafayilo onse anakana kutseguka. Mpaka lero mwini malo sanatchule munthu, ndipo anzanga akundiyang'ana ngati ndine ndawatsekera ntchito.

Mchimwene wanga tsopano wapumula. Koma ife otsalafe, kodi tidikire kufa kuti atikhulupirire?