Kompyuta ya Katoni ya Sopo

Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira inali ya katoni. Amalume anang'amba chivundikiro cha katoni ya sopo n'kujambulapo mabatani ndi bolopeni, chilembo chilichonse m'kabokosi kake. Inkanunkhirabe sopo. Pakhoma anapachika kalendala yakale ya kutchalitchi, amvekere, "Iyi ndiye sikirini." Lero ndimagulitsa mafoni pamsika ku Kitwe, ndipo ndagulitsapo ena oyaka akafuna okha, koma amalume aja sindinawapose.

Tinkakhala ku Chifubu. Amayi ankatayipa makalata pa ofesi ina kudera lotchedwa Bwana Mkubwa kuyambira ndisanabadwe. Chaka chimenecho mabwana anagula makompyuta awiri, pomwe otayipa anali asanu. Anati Ogasiti akatha kudzakhala mayeso: awiri atsala pantchito, atatu azipita kwawo.

Zala za amayi zinali zaliwiro. Vuto linali dzanja lamanzere. Pa makina akale otayipira, mzere ukafika kumapeto kabelu kankalira, munthu n'kukankha kachitsulo kuti ayambe mzere wina. Kompyuta imatsika yokha. Koma dzanja la amayi uthengawo silinaulandire. Tsiku loyamba ku ofesi dzanjalo linauluka n'kuimenya mbama sikirini, bwana ali chilili pambali.

Ndiye amayi anatenga livi kuntchito kuti akonzekere mayeso, ine tchuthi changa n'kuthera pamenepo. Chitseko chinkatsekedwa chifukwa cha fumbi. Ndinkakhala pa kampando n'kumawerenga mokweza nyuzipepala yakale, iwo akugogoda katoni, maso ali pa kalendala. Diso langa limodzi linkalondera dzanja. Likauluka ndinkakuwa kuti, "Lapita!" ndipo tinkayambiranso pamwamba. Lamulo linali limodzi: tsamba lathunthu dzanja lisanauluke, ndiye ndituluke.

Panja mphepo inkaomba malata. Anzanga ankamenya chimpombwa, mpira wathu wa mapulasitiki, ndipo ukagunda khoma lathu ndinkaumva m'mimba. Ankandiitana m'Chibemba, kenako analeka kundiitana. M'nyumba munali go go go wa zala pa katoni, kutentha, ndi ntchentche imodzi imene inkalimbana ndi galasi la zenera. Ndinkaiona ngati m'bale wanga.

Ndinayesa kutsitsa mtengo.

"Amama, theka la tsamba."

"Tsamba."

"Theka, ndiye mbale nditsuka ndine."

"Iwe, pano si pamsika. Werenga."

Sabata yachiwiri ndinatulukira chinthu: amayi sankalimva dzanjalo. Linkapita n'kubwerera lokha, monga munthu amaphethirira. Popanda kukuwa kwanga, iwo sankadziwa kanthu. Tsiku limenelo dzanjalo linauluka kasanu, ine ndinameza mawu kasanu, n'kuwerengabe mpaka pansi pa tsamba.

"Lero bwanji?" anafunsa.

"Silinasunthe n'komwe, Amama."

Analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Amalume atabwera anawauza akumwetulira kuti, "Achimwene, lamva." Kuyambira pamenepo tinkatha tsamba limodzi basi, ine panja fumbi lili koboo, ndikugoletsa zigoli ngati womasulidwa kundende.

Anthu amandifunsa kumene ndinaphunzira kuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti katunduyu alibe vuto. Ndimaseka, ndimati ndi mphatso. Kasitomala wanga woyamba anali mayi anga.

Mayeso anali Lolemba. Anapita atavala diresi ya kutchalitchi. Teni koloko isanakwane ndinawaona akutsika minibasi, m'manja muli pulasitiki. Munali kapu yawo ya tiyi ya ku ofesi ndi kapilo kamene ankaika pampando. Sananene za mayeso, ndipo mpaka lero sindinafunse ngati linali dzanja kapena atsikana otayipa nawo limodzi anangowaposa liwiro. Funso limenelo mtengo wake sindingaukwanitse.

Anavula nsapato, n'kukhala pakhonde kusonkha mbaula. Makala atavuta kuyaka anati ndiwapatsire katoni ija, n'kuyamba kukupizira nayo moto. Mabatani a amalume anada ndi mwaye.

Ndinaima pakhomo, ndili wokonzeka kukambirana za tsamba la tsiku limenelo.

"Pita ukasewere," anatero osandiyang'ana.

"Mpaka nthawi yanji?"

"Mpaka utope."

Ndinathamanga ndikudzitama mumtima kuti ndawagonjetsa popanda kutsuka mbale ngakhale imodzi. Chinangondidabwitsa pang'ono n'chakuti mawa lake, dzuwa litakwera kale, amayi anali adakali panyumba.